Mboni ya Boma Ndinali Ine

Ntchito yanga ndi kugulitsa mankhwala a makoswe, a mphemvu ndi a nsikidzi. Ndayamba ndi zimenezi kuti wina asaganize kuti akumva za munthu wandale kapena womenyera ufulu wa anthu. Chaka cha 2024 ine mwini ndinadziyesa wotero kwa miyezi ingapo, ndipo kudziyesa kumeneko kunadya ndalama ya chilimba ya amake ana, kunadya wailesi ya m'nyumba, kunadyanso kaulemu kamene apongozi anga anali atayamba kundipatsa.

Kale ndinkayala malonda m'tauni, cha ku Lumumba Road, mpaka mu Julayi 2023 pamene boma linachotsa mavenda m'misewu ya pakati pa Lusaka. Ndinabwerera kwathu ku Chawama n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo, kuchokera kumsika kupita ku Kuku, kukhotera ku John Howard, nthawi zina mpaka kumalire a Misisi, kumene makoswe ndi ochuluka koma ndalama zowaphera n'zochepa. Kukuwa tsiku lonse kunandimaliza pakhosi, ndiye ndinagula megafoni ya mabatire, ija ali nayo aliyense wogulitsa tomato kapena wogula zitsulo zakutha. Ili ndi kabatani kofiira. Ukakadina n'kulankhula, imasunga mawu ako. Ukadina kena, imawabwereza mpaka dzuwa kulowa. Ikalandira mawu atsopano, akale amafufutika. Wogulitsa anandifotokozera zonsezi bwinobwino, ine maganizo ali pa chenji.

Mu Januwale 2024 kolera inali itavuta mu Lusaka. Odwala ankawatengera ku Heroes Stadium, sukulu zinachedwa kutsegulidwa, ndipo kwathu mvula ikangogwa madzi ankalowa m'nyumba atadutsa kaye m'zimbudzi za anthu. Pansi pa Chawama pali mwala ndipo madzi apansi ali pafupi, choncho a mvula alibe kolowera. Amangozungulira m'makomo mpaka dzuwa liwamwe. M'chigawo chathu munali komiti ya ngalande. Atcheyamani ake, amene dzina lawo ndisunga chifukwa landidyera zokwanira, anali atasonkhetsa ndalama nyumba iliyonse mvula isanayambe. Ngalande sinakumbidwe. Chimene tinaona chikukwera ndi mpanda wa mabuloko kunyumba kwawo. Anthu ankang'ung'udzanso kuti tikusonkheranji pamene ndalama ya chitukuko ya CDF, imene mu 2021 inali K1.6 miliyoni, chaka chimenecho inali itafika K30.6 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse. Umboni woti ndalama ya ngalande ndi ya mpanda zinakumana m'thumba limodzi ndinalibe, koma pa Chibuku safunsa umboni.

Madzulo ena, nditakhala kuseri kwa kantemba ka mnzanga, mapazi ali m'matope, megafoni ili m'khwapa, ndinamasuka. Ndinati atcheyamani ndi mbala. Ndinati m'Chawama monse khoswe wamkulu ndi iwowo, ndipo mankhwala anga onse atawasakaniza m'mbale imodzi sangawagwetse. Ndinati tsiku lina tonse tidzatunge matope a pakhomo pathu m'mabakete tikawakhuthulire pabalaza pawo, aone mmene timagonera. Anzanga awiri anaseka, ine n'kumva kukoma. Chigongono changa chinali pa kabatani kofiira.

M'mawa mwake mutu unali kuwawa ndipo m'mimba munali phokoso. Amake ana, poopa kolera, anandiletsa kutuluka n'kundisungunulira madzi a mchere ndi shuga. Katundu ndinamupatsa mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Katete kudzafuna ntchito. Ndinamuonetsa batani lobwereza mawu. Mnyamatayo anatseka makutu ndi mahedifoni ake, Yo Maps akuimba m'mutu mwake, anakweza megafoni paphewa, n'kuuyamba ulendo. Anadutsa mu Chifundo Road. Analowa mumsika n'kutulukira mbali ina. Anaona anthu akutuluka m'nyumba, ana akumutsatira, azimayi akumuitana kuti aime pang'ono, ndipo aliyense ankagula paketi kuti amve mpaka kumapeto. Iye anangoti ku Lusaka malonda amayenda chonchi. Njira imene ndinamulangiza inkadutsa pageti pa atcheyamani, ndipo pofika pamenepo kumbuyo kwake kunali chikhamu. Mayi wina anaponyadi bakete la matope pageti. Anyamata a atcheyamani anatuluka, kunali kukankhana, ndipo mphwanga anavula mahedifoni ali kale m'manja mwa apolisi.

Nditafika kupolisi ndi pepala la kolauti, anali pabenchi, maso ali gwa.

"Amalume," anatero, "katundu yense watha."

Iye anamutulutsa, ine n'kulowa. Wapolisi wa pakauntala anandifunsa m'Chinyanja cha m'tauni kuti, "Ndimwe bene ba megafoni?" Ndinavomera kuti megafoni ndi yanga. Asanafunse za mawu, lamba ndi nsapato zinali zitavulidwa kale. M'selo, kapiteni wa mmenemo, munthu wodziwa makhoti onse a mu Lusaka ndi mkati momwe, anandipatsa malangizo aulere: "Mudala, kukhoti ukakane chabe. Olo bakufunse dzina, uyambe waganiza." Pa malangizo onse amene ndinalandira chaka chimenecho, awa okha ndi amene sindinalipire, ndipo ndi amene akanandipulumutsa.

Kutuluka pa bondi kunafuna anthu awiri a ntchito yodziwika oti andiimire. Ku Chawama anthu ogwira ntchito ndi ambiri, koma a ntchito ya pepala ndi chidindo ndi owerengeka. Anandiimira mlamu wanga amene ndi mphunzitsi, ndi mkulu wa mpingo amene amalondera pakampani ina. Mlandu unali wa sekishoni 179 ya Penal Code: kulankhula mawu achipongwe oputa munthu mpaka mtendere kusokonekera. Chilango chake sichipitirira miyezi 3 kundende, kapena faindi. Pamaso pa a majisitireti ndinakana, mlandu n'kusunthidwa.

Ndi panja pa khoti pamene ndinakumana ndi a loya. Anthu onse ankawaitana choncho, ngakhale kuti ku ZIALE, kumene maloya enieni amakalembera mayeso, sanapondeko. Kale anali mesenjala mu ofesi ya maloya, ndipo anatulukamo ndi jekete, chikwama ndi Chingerezi. Anawerenga pepala langa la mlandu akupukusa mutu.

"Bwana wanga, mlandu wanu si wa pano. Uwu ndi mlandu wa Constitution."

Palibe munthu anali atanditchulapo kuti bwana, ndipo palibe chinthu changa chinali chitakhudzanapo ndi malamulo aakulu a dziko. Ndinawagulira Fanta.

Anayamba ndi a McDonald Chipenzi, amene anali mkulu wa bungwe la FODEP, pamodzi ndi a Richard Sakala ndi a Simon Mwanza a nyuzipepala ya Daily Nation. Atatuwa anamangidwa mu Disembala 2013 chifukwa cha nkhani yokhudza kulemba anthu ntchito ya upolisi, n'kuimbidwa mlandu wofalitsa nkhani zabodza zochititsa anthu mantha, pa sekishoni 67. M'malo modikira chigamulo, anapempha kuti High Court iyambe yaona ngati lamulolo likugwirizana ndi malamulo aakulu a dziko. Pa 4 Disembala 2014 Jaji Isaac Chali anagamula kuti silikugwirizana. Lamulo linafa, mlandu n'kufera pomwepo. Kenako anatchula a Frank Bwalya, amene kale anali wansembe wa Katolika. Mu Januwale 2014, pa Radio Mano ku Kasama, anayerekeza Pulezidenti Michael Sata ndi mbatata yokhota imene siwongoka, ndipo khoti linawapeza osalakwa mu Julayi chaka chomwecho.

Koma amene anandigwira mtima ndi Pilato, chifukwa nkhani yake ndi ya kwathu. Mu Juni 2015 woimbayu, amene dzina lake lenileni ndi Fumba Chama, anamangidwa chifukwa cha nyimbo ya Alungu Anabwera, imene anaiumba pa nyimbo yakale ya Nashil Pichen Kazembe. Inkasimba za munthu wochokera ku Chawama amene wapezeka akulamulira dziko, ndipo inkamuseka pa nkhani ya mowa. A Edgar Lungu anali phungu wathu kuyambira 2011 mpaka pamene analowa ku State House mu Januwale 2015, ndiye panalibe wofunika kumumasulira. Ndimakumbukira mmene tinkaimvetsera motsitsa m'mashebini, wina ataima pakhomo kusuzumira makada a chipani. Mwezi wotsatira boma linausiya mlanduwo. Pamene a loya ankandikumbutsa zimenezi, Pilato anali atakhala mlembi wamkulu mu unduna wa achinyamata, masewera ndi zaluso.

"Mwaona kumene pakamwa pamafikitsa munthu?" anatero a loya. "Iye anaimba za khoswe mu 2017 mpaka anathawira ku South Africa. Inunso mwanena za khoswe. Kusiyana kuli pati?"

Pambuyo pake ndinafufuza nkhani zonsezi, ndipo zinali zoona, masiku ndi mayina omwe. Bodza la mkuluyu linali limodzi lokha: kundiika ine pamzere wa anthu amenewo.

Nthawi yonseyi apongozi anga aamuna, munthu wa ku Petauke wosakonda mawu ambiri, anali atatenga mkulu wa mpingo uja n'kupita kwa atcheyamani. Anakhala pansi, anawomba m'manja, anapepesa m'malo mwanga. Atcheyamani, amene nawonso sankafuna kuti nkhani ya ndalama za ngalande ikafunsidwe pamaso pa a majisitireti, anavomera kuchotsa mlandu. Anangofuna kuti ndikapepese pamaso pa komiti, ndipereke nkhuku imodzi ndi K300 yopentera geti. Apongozi anabwera ndi uthengawo madzulo, atavala jekete lawo la kumaliro ndi kumaukwati.

"Atate," ndinatero, "Pilato anapepesa?"

Apongozi anandiyang'ana, anayang'ana mwana wawo, n'kupempha chipewa chawo. Atatuluka, amake ana anati, "Abambo, akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Inu mlomo mwaupeza kale, koma mukufuna kuutsatiranso." Ndinawayankha kuti nkhani za ndime 20 ya malamulo aakulu a dziko si za kukhichini. Usiku umenewo nsima ndinaipeza yozizira, ndiwo zitatha.

Petishoni inalembedwa pa kompyuta ya mnyamata wina wa fotokope pafupi ndi msika. Nthawiyo madzi anali atachepa ku Kariba ndipo malaiti ankazima maola ambiri, choncho tinkalemba pakati pa usiku magetsi akabwera, a loya akuyendayenda manja kumbuyo, akutchula mawu a Chilatini, mnyamatayo akuwalemba mmene wawamvera. Tsamba lililonse linali ndi mtengo wake. Apa ndi pamene ndalama ya chilimba inapita, wailesi n'kutsatira.

Petishoni imayenda ndi afidaviti, chikalata chimene munthu amalumbira kuti zimene walemba ndi zoona. A loya anati khoti silingateteze mawu amene silikuwadziwa, ndiye ndilembe zonse zimene ndinanena, liwu ndi liwu, m'Chinyanja ndi m'Chingerezi momwe. Kukumbukira sikunavute, popeza ana a m'chigawo chathu anali atasandutsa mawuwo nyimbo yodumphira chingwe. Koma nditaziona papepala zinaoneka zochepa. Munthu wopita ku High Court sangapite ndi ziganizo zitatu. Ndinawonjezera zimene ndikanakonda kunena tsiku lija ndikanakhala ndi nthawi: za wigi ya akazi awo a atcheyamani, za mimba yawo, za kumene anapeza njinga yamoto ya mwana wawo. Ndinapita nazo kwa kamishinala wa malumbiro, ndinagwira Baibulo, ndinasaina, chidindo n'kugwa.

Tinayambira ku Constitutional Court, chifukwa dzina lake linkagwirizana ndi kukula kwa nkhani yanga. Kalaliki wa kumeneko anatiuza mwaulemu kuti tasochera. Khotilo linabadwa ndi kusintha kwa malamulo kwa 2016, koma nkhani za ufulu wachibadwidwe zinatsalira ku High Court, chifukwa referendamu ya pa 11 Ogasiti 2016, imene inkafuna kusintha gawo limenelo, sinapeze mavoti okwanira. Ine ndinavota nawo tsiku limenelo, ndipo pepala la referendamu ndinaliponya m'bokosi osadziwa kuti likufunsa chiyani. A loya anati amadziwa kale zimenezo, amangofuna kuona ngati kalalikiyo ndi wophunzira.

Ku High Court, mayi wa ku rejisitiri anatsegula tsamba loyamba, anawerenga, n'kuvula magalasi.

"Bambo, mukupempha khoti kuti lichotse sekishoni 69?"

Ndinavomera monyadira. A loya anali atandiuza kuti limeneli ndiye lamulo lenileni lotseka anthu pakamwa.

"Limeneli ndi la kunyoza Pulezidenti. Amene munamunyoza ndi Pulezidenti?"

Ndinati ayi, ndi atcheyamani a ngalande.

"Komanso lamuloli kulibe. Linachotsedwa mu Disembala 2022, tsiku limodzi ndi chilango cha kunyonga. Pitani ku Legal Aid Board, akakuthandizeni kwaulere kapena pa ndalama yochepa."

Nditacheuka kuti a loya ayankhe, anali panja akulankhula pafoni imene ndikukhulupirira kuti inalibe batire. Munthu wanzeru akanathera pomwepo. Koma pobwerera m'minibasi anandifotokozera kuti vuto ndi nambala chabe. Tinafufuta 69 ndi utoto woyera uja wa m'kabotolo, n'kulemba 179 ndi bolopeni. Anati pali njira yachidule: ndime 28 imalola munthu kupempha a majisitireti kuti atumize funso la ufulu wake ku High Court, mmene anachitira a Chipenzi. Anandilangiza kuti ndisalole woimira boma ayambe kulankhula, chifukwa m'khoti woyamba ndiye wopambana. Anandilangizanso kupereka kope kwa aliyense wokhudzidwa. Kope la atcheyamani ndinakapereka ndekha pageti.

Tsiku la mlandu ndinavala suti ya mlamu wanga. Dzina langa litaitanidwa, woimira boma anaimirira ndi kafayilo kopyapyala, nkhope yotopa, n'kuyamba kuti, "Your Honour, boma likufuna…" Ine dzanja m'mwamba. Ndinalankhula mokweza kuti ndili ndi pempho la Constitution, ndipo womasulira anachita kubwereza kawiri kuti a majisitireti akhulupirire. Mapepala anaperekedwa. Woimira boma anayamba kuwerenga ali chiimire. Atafika pa afidaviti anakhala pansi, anatsegula tsamba lachiwiri, ndipo nkhope ija inayamba kutsitsimuka. Anaimiriranso n'kunena kuti zimene amafuna kunena waziiwala, boma ndi lokonzeka kupitiriza mlandu.

Zimene amafuna kunena ndinazimva pambuyo pake. Boma linali litabwera kudzachotsa mlandu. Anthu amene anajambula chikhamu chija pafoni anali atafufuta zonse atamva kuti apolisi akufuna mboni, ndipo m'chigawo chonse munalibe amene anamvapo kanthu tsiku limenelo. Ena anati anali kumaliro, ena anati ali ndi vuto la makutu. Anzanga awiri a kuseri kwa kantemba anati sakundidziwa bwino. Mphwanga sanamve chilichonse, ndipo iye yekha ndiye ankanena zoona. Umboni wonse unali megafoni. Koma pamene ankaiyesa asanabwere nayo kukhoti, munatuluka mawu a amuna awiri akukangana ngati Avram Grant ayenera kuchotsedwa ntchito Chipolopolo itagonja 1-0 kwa Morocco n'kutuluka mu AFCON ya ku Ivory Coast. Wina kumene inkasungidwa anali ataitsamira ndi chigongono. Boma linalibe liwu langa ngakhale limodzi, kufikira pamene ndinalipatsa masamba olembedwa bwino, omasuliridwa kale m'Chingerezi, olumbiriridwa pa Baibulo.

Pempho langa a majisitireti analikana. Anati ndime 28 yomweyo imawalola kusatumiza funso limene aliona kuti ndi lopanda pake, ndipo ndime 20, imene imapereka ufulu wolankhula, imalolanso malamulo oteteza bata ndi mbiri ya anthu ena. Anawonjezera kuti pa tsamba lachitatu nambala 69 ikuonekabe pansi pa utoto.

Ku Legal Aid ndinapita mutu uli pansi. Anandilandira loya wachitsikana, msinkhu wa mwana wanga woyamba, amene anawerenga afidaviti yonse dzanja lili pakamwa. Atamaliza anandifotokozera zimene a loya anga anadumpha. A Chipenzi ndi anzawo anali ndi maloya enieni, anadikira chaka chathunthu, ndipo lamulo limene ankalimbana nalo, la m'nthawi ya atsamunda, linali ndi chilema chooneka: linkafuna kuti woimbidwa mlandu ndiye atsimikize kuti anayesetsa kufufuza nkhani yake. A Fred M'membe ndi a Bright Mwape a nyuzipepala ya The Post anayesa njira yomweyo pa sekishoni 69 m'nthawi ya a Chiluba, ndipo mu 1996 Supreme Court inawakanira. Lamulolo linakhalabe zaka zina 26 mpaka aphungu analichotsa okha. A Bwalya sanapulumuke ndi petishoni, anazengedwa mlandu mpaka kumapeto. Pilato sanapulumuke ndi petishoni, boma linangousiya mlandu polowetsa nolle, ndipo nolle si kupezeka wosalakwa: akhoza kukumanganso pa mlandu womwewo. A Hakainde Hichilema nawonso anatuluka ndi nolle mu Ogasiti 2017 atakhala m'ndende masiku 127. Ndipo si onse amatuluka: mu Novembala 2023 khoti la ku Kasama linagamula a Chishimba Kambwili miyezi 5 chifukwa cha mawu onyoza anthu a kuchigawo cha kum'mwera. Anatinso kukasuma ku High Court sikuimitsa mlandu wa kupolisi pakokha. Makhoti a dziko lino sakonda kuti milandu ya upandu iziimitsidwa ndi madandaulo a pambali.

Kenako anandifunsa funso limene a loya sanandifunsepo.

"Atate, mawu amenewa munkafuna kuti anthu awamve?"

Ndinati ayi. Ndikanadziwa kuti megafoni ikumva, ndikanakamba za mpira.

"Nanga awa a wigi?"

Ndinati amenewo sindinawanene n'komwe, ndinangowonjezera kuti chikalata chilemere. Anatseka fayilo mwachangu n'kundiuza kuti chiganizo chimenecho ndisakachibwerezenso kwina kulikonse, chifukwa kulumbira zabodza ndi mlandu waukulu kuposa umene ndinali nawo. Ndiye ndinali pakati: ndikati afidaviti ndi yoona, ndavomera kutukwana, ndikati ndi yabodza, ndavomera kunama pa Baibulo.

Funso lake loyamba lija linandikhala kukhosi masiku ambiri. Anthu amene ndinkadziyerekeza nawo analankhula akudziwa kuti dziko likumva. Pilato analowa mu situdiyo, anaika dzina lake pa nyimboyo, ndipo apolisi atamuitana anapita yekha. Ine chaka chonse ndinkapatsa atcheyamani moni wa manja awiri, ndipo pamsonkhano wa komiti, pamene anafunsa ngati pali wina ali ndi funso pa ndalama za ngalande, ndinayang'ana nsapato zanga. Kulimba mtima kwanga kunali kwa kuseri kwa kantemba. Izi sizikutanthauza kuti lamulo lija ndi labwino. Ndikuonabe kuti lamulo limene lingagoneke munthu m'selo chifukwa chotchula mnzake kuti mbala, pamene ndalama za anthu sizikuoneka ndipo ana akumwa madzi a m'chimbudzi, limatumikira wokhala ndi geti kuposa wokhala m'matope. Ndipo amene amalilira ufulu wolankhula akakhala kunja amasintha akalowa m'nyumba: a Bwalya omwe aja, atapulumuka pa mbatata mu 2014, chaka chotsatira anali mbali ya boma, pakati pa odandaula za nyimbo ya Pilato. Wina ayenera kudzalitengera lamulo limeneli ku High Court tsiku lina. Koma akhale munthu amene ananena mawu ake dala, ndipo asakhale ndi utoto woyera m'thumba.

Kuchokera nthawi imeneyo nkhani zoterezi ndimazitsatira pa wailesi ya aneba. Mu Epulo 2025 kunabwera malamulo atsopano a za pa intaneti, ndipo bungwe la maloya la LAZ linakawatsutsa ku High Court. Ku Malawi, mu Julayi chaka chomwecho, majaji anathetsa sekishoni 200 ya kuipitsa mbiri ya munthu, pa mlandu wa a Joshua Chisa Mbele amene anaimbidwa chifukwa cha zimene analemba za mkulu wa asilikali. Ndikamva zoterezi mtima umadumpha pang'ono, amake ana n'kundiyang'ana, ine n'kupitiriza kumanga mapaketi.

Mlandu wanga unatha ndi njira imene apongozi anaitsegula poyamba paja. Loya wachitsikana uja anapempha khoti kuti litilole kuyanjana, pakuti malamulo a kazengedwe ka milandu amalola zimenezi pa milandu ing'onoing'ono ya pakati pa anthu. Apongozi anavalanso jekete. Koma mtengo unali utakwera, chifukwa atcheyamani anali atawerenga kope lawo, akazi awo atawerenganso, ndipo nkhani ya wigi anaimva koyamba kuchokera m'chikalata changa. Nkhuku inasanduka mbuzi. K300 inasanduka K1,500. Ndipo kupepesa pamaso pa komiti sikunakwanenso: anati mawu anayenda ndi megafoni, kupepesa kuyendenso ndi megafoni, njira yomweyo, wonyamula ndikhale ine.

Ndinajambula mawu opepesa pabalaza pawo, akazi awo akundibwezera pamene sindinamveke bwino. Loweruka m'mawa ndinauyamba: Chifundo Road, mumsika, kutulukira mbali ina, liwu langa likubwereza paphewa panga kuti atcheyamani si mbala, si khoswe, ndipo wigi inagulidwa ndi ndalama ya salaula. Anthu ambiri nkhani ya wigi sankaidziwa, ndiye ankandiimitsa kuti ndiwafotokozere. Ana ananditsatira akuimba mawu akale aja. Pofika pageti chikhamu chinali chachikulu kuposa choyamba, ndipo atcheyamani anatuluka okha kudzandipempha kuti ndizimitse.

Pobwerera ndinapeza a loya atakhala pa kantemba, chikwama pamiyendo. Anati aona zonse, ndipo zimene andichita ndi kuphwanya ndime 19, ya ufulu wa chikumbumtima, chifukwa munthu sakakamizidwa kunena zimene sakhulupirira. Anati mlandu umenewu ndi woyera kuposa woyamba, ungafike mpaka ku Supreme Court, ndipo poyambira pangofunika K200 ya mnyamata wa kompyuta. Ndinawauza kuti ndalama ndilibe. Anati chikole amalandira. Ndinawasiyira mapaketi a mankhwala a mphemvu, ndipo amake ana ndinawauza kuti ndagulitsa pa ngongole.